Mphutsi zotuluka m'mbozi za m'chimanga: ndi ntchentche yanji, ndipo mungaizindikire bwanji?

Nyengo ya madimba ikafika ku Chikwawa ndi ku Nsanje, chimanga chikangofika m'mawondo, funso ili limabweranso. Mlimi amatola mbozi za ntchemberezandonda n'kuziika m'botolo kuti akaonetse alangizi. Pakapita masiku awiri kapena atatu amapeza imodzi yafa, yafota, ndipo pambali pake pali mphutsi zoyera kapena tinthu tofiirira tolimba. Chithunzi chikayenda pa WhatsApp mayankho amabwera osiyanasiyana: wina akuti mbozi yaswa ana, wina akuti kwabwera chilombo chatsopano, winanso akuchenjeza kuti zimenezo ndi mphutsi zija zimalowa pakhungu la ana ndi agalu.

Mbozi siiswa. Amene amaikira mazira ndi gulugufe wake wausiku. Mphutsi zolowa pakhungu nazo ndi za ntchentche ina, Cordylobia anthropophaga, imene imaikira pamchenga kapena pazovala zoyanikidwa pansi, ndipo ilibe nazo ntchito mbozi. Zimene mlimiyo waona nthawi zambiri ndi ana a ntchentche za banja lotchedwa Tachinidae. Kudziwa kuti ndi ya banja limeneli n'kotheka ndi kagalasi kokulitsira zinthu. Kutchula dzina lake lenileni ndi nkhani ina, ndipo chithunzi cha mphutsi chokha sichingakufikitseni kumeneko.

Ntchentche zake ndi zotani

Padziko lonse mitundu yodziwika ya Tachinidae imaposa 8,000. Mu 2016 akatswiri atawerenga ya muno mu Africa, kumwera kwa chipululu cha Sahara pamodzi ndi zilumba zake, anapeza mitundu 1,126 m'magulu 237. Yonse imene moyo wake ukudziwika imakulira m'kati mwa tizilombo tina: mbozi makamaka, komanso zikumbu, ziwala ndi anunkhadala. Asayansi amatcha chamoyo chotere parasitoid, kutanthauza chimene chimakulira m'thupi mwa chinzake mpaka kuchipha. Apa ndi pamene chimasiyana ndi nsabwe kapena nkhupakupa, zimene zimayamwa magazi koma mwini thupi n'kumakhalabe moyo.

Ntchentche yaikulu siiluma munthu kapena ng'ombe ngati kashembe, ndipo siidya mbewu. Imanyambita timadzi ta m'maluwa ndi timadzi totsekemera timene nsabwe za m'mbewu zimasiya pamasamba a mapira ndi thonje.

Imalowa bwanji m'mbozi

Njira imene ntchentche yaikazi imaikira mazira ndi chizindikiro choyamba, choncho ndi bwino kuyang'ana mbozi isanafe. Magulu ena, monga Exorista ndi Winthemia, amamata mazira oyera, olimba, osafika milimita imodzi, pakhungu la mbozi, kawirikawiri kufupi ndi mutu kumene mbozi singathe kuwaluma. Mazira amenewa amaoneka ndi maso. Amatenga masiku angapo kuti aswe, ndiye mbozi ikafundula khungu asanaswe imapulumuka. N'chifukwa chake mbozi yokhala ndi dzira pamsana nthawi zina imasanduka gulugufe bwinobwino.

Gulu la Drino limasunga mazira m'mimba mpaka atatsala pang'ono kuswa. Dzira likangokhudza khungu, kamphutsi kamatuluka posakhalitsa n'kuboola kulowa. Ena amamwaza pamasamba timazira ting'onoting'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a milimita, tikwi ndi tikwi, kudikira kuti mbozi itimezere limodzi ndi tsamba. Sturmiopsis parasitica, imene imagwira kapuchi m'chimanga, m'mapira ndi mu nzimbe, siingathe kufika kumene kapuchi wabisala. Iyo imasiya timphutsi pa ndowe zimene kapuchi wakankhira pakhomo pa una wake, timphutsito n'kukwawa tokha kumulondola m'kati mwa phesi.

Ikalowa, mphutsi imafunikabe mpweya. Yambiri imalumikiza kumatako kwake pabowo limene inalowera kapena pa kamtsempha kopumira ka mbozi, ndipo thupi la mbozi limamanga kachipsera kakuda kozungulira malowo. Mukaona kadontho kakuda pambali pa mbozi kamene sikakugwirizana ndi madontho ake achibadwa, kamene kali mbali imodzi yokha, ganizirani zimenezi. Poyamba mphutsi imadya magazi ndi mafuta, kusiya ziwalo zofunika, motero mbozi imayendabe ndi kudyabe. Ikafundula kawiri, pamsinkhu wake wachitatu ndi womaliza, imadya chilichonse. Kenako imatuluka, nthawi zina mbozi itasanduka kale chikwa, n'kulowa m'dothi. Khungu lake lomwelo limauma kukhala chikwa chake.

Chikwa chimenechi chimasokoneza anthu ambiri. Cha ntchentche ndi chachifupi, kawirikawiri mamilimita 5 mpaka 8, chobulungira mbali zonse ziwiri ngati ndowe ya khoswe, ndipo sichigwedezeka mukachikhudza. Cha gulugufe wa ntchemberezandonda ndi chachitali, mamilimita 14 mpaka 18, chosongoka kumchira, chimaonetsa mizere ya mapiko, ndipo mchira wake umapindika mukachigwira. Chikwa cha ulusi, choyera kapena cha mawanga, si cha ntchentche ayi. Chimenecho ndi cha timavu ting'onoting'ono monga Cotesia ndi Charops, timene timaphanso mbozi. Chinthu chachitali choyera chonga ulusi chotuluka m'mbozi ndi nyongolotsi.

Kulera mbozi kuti ntchentche ituluke

Pafupifupi zonse zosiyanitsira mitundu zili pa ntchentche yaikulu, osati pa mphutsi. Ndiye ntchito yeniyeni ndi kuilera mpaka ituluke, ndipo kuno kuchigwa pamene pamalakwika zambiri ndi pamenepa.

Yambani ndi kuzindikira mboziyo, chifukwa dzina la ntchentche popanda dzina la mbozi imene inatulukamo limataya theka la phindu lake. Ntchemberezandonda ya m'chimanga ija inafika mu Africa mu 2016, Spodoptera frugiperda, ili ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi madontho 4 akuda opanga kabokosi pafupi ndi mchira. Mbozi ya m'thonje ndi m'nandolo, Helicoverpa armigera, imatha kukhala ndi madontho ofananako, koma khungu lake ndi lokhakhala mukalikhudza. Ijambuleni kumsana ndi kumutu ikadali moyo, poti ikafa mtundu wake umada, zizindikiro n'kusowa.

Mbozi iliyonse ikhale m'kabotolo kakekake. Ntchemberezandonda zazikulu zimadyana, ndipo mukaika 10 pamodzi mudzatsala ndi ziwiri kapena zitatu, osadziwanso kuti mphutsi yatuluka mwa iti. Botolo la galasi kapena kapu ya pulasitiki yoonekera m'kati ndi zokwanira. Pansi ikani mchenga kapena dothi losefa lokwana masentimita 3, lonyowa pang'ono moti mukalifinya lisadonthe madzi. Pakamwa mangani kansalu kothina maso ndi mphira. Neti ya udzudzu ndi yotakata kwambiri pa ntchito imeneyi, komanso yambiri ndi yonyikidwa m'mankhwala, imapha ntchentche imene mukuidikirayo. Tsiku lililonse ikani tsamba lanthete la m'munda wosapopera n'kuchotsa ndowe ndi tsamba ladzulo.

Adani a ntchitoyi ndi kutentha, nyerere ndi chuku. Ku Ngabu kapena ku Bangula mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo botolo losiyidwa pazenera kapena pansi pa malata limaphika mbozi ndi mphutsi zomwe. Liikeni pamthunzi podutsa mphepo, pakhonde kapena m'nyumba yaudzu. Miyendo ya tebulo ikhale m'zitini za madzi, apo ayi nyerere zidzanyamula zikwa usiku umodzi. Dothi likauma gwa ntchentche imafera m'chikwa kapena imatuluka mapiko opinimbira. Likanyowetsa chikwa chimachita chuku. Madontho ochepa a madzi m'mbali mwa botolo pakapita masiku awiri amakwana.

Palinso chinyengo china chofunika kuchidziwa. Mbozi ikafa ndi matenda n'kuyamba kununkha, timabwera tintchentche tating'ono ta mamilimita 2 kapena 3, tamsana wopindika, tothamangathamanga m'malo mouluka, ta banja la Phoridae. Timalowa ngakhale pa kampata kochepa n'kuikira pamtembo. Mphutsi zake ndi zambiri, zazing'ono, ndipo zimaoneka mbozi itawola kale. Ambiri amazilemba ngati zopha mbozi pamene zangodya maliro.

M'nyengo yotentha ntchentche ya Tachinidae imatuluka m'chikwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Musafulumire kuipha. Ikangotuluka imakhala yofewa, yotuwa, mapiko okwinyika, ndipo pamphumi pake pamakhala kathumba kofufuma kamene yaswera chikwa. Ipatseni tsiku lathunthu kuti iume ndi kutenga mtundu wake. Yophedwa msanga imafota mutu, ndipo pamutu ndi pamene pali zizindikiro zambiri.

Poipha, iikeni mufiriji yoziziritsa kwambiri usiku umodzi. Kumene kulibe magetsi, donthezani mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo pa kapepala kofewa m'botolo lotseka, koma ntchentcheyo isanyowe. Akatswiri amaibaya ndi singano yopyapyala pamsana, kumanja pang'ono kwa mzere wapakati, kuti ubweya wa mbali inayo utsale wosathyoka. Ngati singano yotere palibe, igonekeni pakati pa timapepala tofewa m'kabokosi ka machesi. Thonje musaikemo, limakola ubweya n'kuuzula. Chikwa chopanda kanthu chija ndi khungu la mbozi yakufayo musataye, zisungidwe pamodzi ndi ntchentche. Pakapepala lembani ndi pensulo mudzi, boma, mbewu, dzina la mbozi, tsiku lotola, tsiku limene mphutsi inatuluka, tsiku limene ntchentche inatuluka, ndi kuchuluka kwa mphutsi zotuluka m'mbozi imodziyo.

Kutsimikiza kuti ndi ya banja la Tachinidae

Kagalasi kokulitsa ka 10 kapena ka 20 ndi kokwanira apa. Choyamba onani kuti ili ndi mapiko awiri okha, ndipo kumbuyo kwa phiko lililonse kuli kachibonga kakang'ono. Timavu tili ndi mapiko 4, tinyanga tatitali ndi chiuno chothina.

Chimene chimaoneka msanga ndi ubweya wolimba, wakuda, woimirira, makamaka kumapeto kwa mimba. Koma ubweya wokha suthetsa mlandu. Yang'anani ntchentcheyo cham'mbali. Kumapeto kwa msana, mimba isanayambe, pali kachishango konga theka la mwezi. Pansi pake penipeni, Tachinidae ili ndi kachotupa kobulungira, kosalala, kotulukira kunja bwino. Dzina lake ndi subscutellum, ndipo ndicho chizindikiro chodalirika kuposa zonse. Ntchentche ya m'nyumba ndi ntchentche za pa nyama zilibe chotupa chimenechi, pamalopo ndi pophwatalala kapena polowa m'kati.

Kenako pitani kunkhope. Pa kanyanga kalikonse pamatuluka kaubweya kamodzi katalikatali kotchedwa arista. Mwa Tachinidae zambiri kameneka ndi kosalala. Mwa ntchentche ya m'nyumba ndi zobiriwira zija za pachimbudzi kali ndi tinthambi m'mbali monse, ndipo mwa Sarcophagidae, zotuwa zazikulu za pa nyama ndi pa nsomba zowola, tinthambi timalekera chapakati. Chachitatu ndi mzere wa ubweya wolimba pambali pa chifuwa, pamwamba pa pamene mwendo wakumbuyo wamera. Tachinidae ili nawo, Sarcophagidae ili nawonso, ya m'nyumba ilibe.

Mizere ya pamsana imanamiza. Sarcophagidae ili ndi mizere 3 yakuda yokhuthala ndi mimba ya mawanga akuda ndi otuwa osinthanasinthana. Ya m'nyumba ili ndi mizere 4. Vuto ndi loti Tachinidae zambiri zotuwa zilinso ndi mizere 4, motero munthu woyang'ana kumsana kokha amati ndi ntchentche wamba yalowa m'botolo, n'kuitaya.

Kuchoka pa banja kufika pa dzina

Kuyambira pano pamafunika maikulosikopu ndi munthu wozolowera. Iye amawerenga ubweya umodziumodzi: ungati pamzere wa pamsana, ungati pambali pa chifuwa, ukulekera pati pokwera m'mbali mwa nkhope. Amaona ngati maso ali ndi tiubweya kapena ndi osalala, kutalika kwa tsaya pansi pa diso, ndi mmene mtsempha wa phiko wapindikira. Mwachitsanzo, Drino ndi Carcelia zonse ziwiri ndi zotuwa, za maso aakulu ndi tsaya lochepa, ndipo zonse zimatuluka m'mbozi. Koma maso a Carcelia ali ndi tiubweya tothinana pamene a Drino ndi osalala, ndipo Drino nthawi zambiri ili ndi ubweya 4 pa kachigawo ka chifuwa ka pakati pa mwendo wakutsogolo ndi wapakati. Ubweya umodzi ukathyoka pamatsala kadzenje kake, ndiye katswiri amatha kuwerengabe, koma ntchentche yonyowa kapena yachuku imabisa ngakhale timaenje timeneti.

Pa ntchemberezandonda ya m'chimanga muno mu Africa, mayina amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Drino quadrizonula, imene inapezeka ku Mozambique ndi ku Ghana, ndi Palexorista zonata ya ku Kenya ndi ku Ethiopia. Akatswiri ambiri masiku ano amaika Palexorista m'kati mwa Drino, ndiye mukapeza dzina lachiwirili litalembedwa Drino zonata musadabwe. Poti Nsanje yazunguliridwa ndi Mozambique, n'kosavuta kuthamangira kunena kuti ntchentche yotuwa iliyonse yotuluka m'chimanga cha ku Makhanga ndi Drino quadrizonula. Kuganiza kotero n'komveka, koma si umboni. Mitundu ya gulu limeneli imafanana kwambiri moti posiyanitsa amachita kung'amba kumapeto kwa mimba ya yaimuna n'kuona ziwalo zake zoberekera. Ichi ndi chifukwa chake muyenera kutumiza ntchentche zingapo, osati imodzi, kuti pakhale yaimuna. M'magulu ambiri yaikazi imadziwika ndi ubweya uwiri wolozera kutsogolo pamphumi, m'mphepete mwa diso lililonse, umene yaimuna ilibe.

Njira ina ndi kuyeza DNA, malangizo achibadwa amene ali m'thupi la chamoyo chilichonse. Amatenga mwendo umodzi n'kuwerenga kachigawo ka jini yotchedwa COI, ka zilembo pafupifupi 650, n'kufananitsa ndi zimene ena anasunga kale pa intaneti. Mwendowo uikidwe mu ethanol wa 95 peresenti tsiku lomwelo. Sipiriti wofiirira wa m'sitolo ndi kachasu sizisunga DNA bwino. Ntchentche yonse musaimize m'madzi amenewa, chifukwa fumbi lotuwa la pathupi pake, limene limapanga mawanga, silionekanso bwino ikanyowa.

Kuyeza DNA kunasonyeza kuti maso okha amaperewera. Ku Costa Rica, m'dera losungidwa la Guanacaste, anthu akhala akulera mbozi zakutchire zaka zambiri n'kumalemba chilichonse chotulukamo. Mu 2006 atayeza ntchentche za gulu la Belvosia, zimene ndi maso ankaziona ngati mitundu 20, anapeza kuti ilipo 32. Ina imene inkaoneka ngati mtundu umodzi wogwira mbozi zosiyanasiyana inapezeka kuti ndi mitundu ingapo, uliwonse ndi mbozi zake. Komabe DNA si mfiti. Imangokuuzani kuti ntchentche yanu ikufanana ndi iti mwa zosungidwa, ndipo za mu Africa zambiri sizinalowemo. Zikatero yankho loona ndi dzina la gulu lokha, monga Drino, ndipo kulemba choncho n'kwabwino kuposa kumata dzina longopeka. Njira yofikira kwa akatswiri ndi kudzera kwa alangizi a m'dera lanu, amene angalumikizane ndi malo ofufuza zaulimi monga Kasinthula ku Chikwawa kapena Bvumbwe ku Thyolo.

Dzinalo lili ndi ntchito yanji

Ntchemberezandonda ya m'chimanga inavuta kwambiri moti mu Disembala 2017 boma la Malawi linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pa ngozi. Inachokera ku America, adani ake achibadwa n'kutsala komweko. Ntchentche zimene zikuigwira kuno ndi zakwathu, zimene zinkakhalira mbozi zina kale. Dzina lake likadziwika, zimadziwikanso mbozi zina zimene imadalira chimanga chikatha m'munda, ndi nthawi imene imachuluka pakati pa dzinja ndi madimba.

Dzina limathandizanso kudziwa ngati ntchentcheyo imasankha kapena imagwira chilichonse. Compsilura concinnata inatengedwa ku Europe kupita ku North America mu 1906 kuti ikaphe mbozi yowononga mitengo, koma inakagwiranso mitundu ina yoposa 100, kuphatikizapo agulugufe akuluakulu a komweko. Ku India, Exorista bombycis ndi mdani wa alimi oweta mbozi za silika. Ntchentche siidziwa kuti mbozi iyi ndi yowononga, iyi ndi ndiwo.

Pa nkhani yopopera mankhwala, zoona zake zili mbali ziwiri. Mankhwala opha tizilombo tonse monga cypermethrin amapha ntchentche mosavuta, chifukwa iyo imatera poyera pamasamba pamene mbozi yabisala m'kati mwa mtima wa chimanga, yadzitsekera ndi ndowe zake. Koma ntchentcheyi imapha mochedwa. Mbozi yogwidwa imadyabe mpaka itakula, motero chimanga chimene ilipo chimawonongekabe. Phindu limaoneka pa m'badwo wotsatira, poti mbozi imeneyo siidzasanduka gulugufe woikira magulu a mazira 100 mpaka 200. Kwa mlimi wa dimba amene amabzala motsatizana madzi akamaphwa, m'badwo wotsatirawo umagwera m'chimanga chake chomwe chaching'ono.

Kuti mudziwe mphamvu yake m'munda mwanu muyenera kuwerenga. Tolani mbozi zosachepera 50, 100 ndi bwino koposa, m'malo 5 osiyana a munda, musanapopere. Tiyerekeze kuti mwatola 100, ndipo 20 zafa ndi matenda kapena kutentha. Zotsala ndi 80. Ngati 8 mwa izo zatulutsa mphutsi za ntchentche, ndiye kuti mbozi 10 pa 100 zilizonse zinagwidwa. Werengani mbozi zogwidwa, osati ntchentche zotuluka, chifukwa Drino imatha kutulutsa mphutsi zingapo m'mbozi imodzi. Lembaninso padera zazikulu ndi zazing'ono. Tachinidae zambiri zimaikira pa mbozi zimene zakula kale, ndiye mukatola tating'ono tokhatokha mumatichotsa m'munda ntchentche isanatipeze, ndipo chiwerengero chanu chidzatsika kuposa mmene zinthu zilili m'mundamo.